Njinga yothamanga ya ndalama zochepa ku Harare: ya Claris kapena Sora yokwerapo kale ikuposa yonyezimira ya m'katoni

Munthu amene wasunga pang'onopang'ono, tinene madola 400, n'kumafuna njinga yothamanga ya mahandulo opindika, msika wa kuno ku Harare umamuikira pamaso njinga za mitundu itatu. Pali yatsopano ya m'katoni, ya utoto wowala ndi dzina losamveka, imene imaimikidwa pakhomo la mashopu ogulitsa chilichonse m'tauni. Pali ya felemu ya aluminiyamu imene wina anaikwerapo zaka zingapo, ya Giant, Trek, Merida, Specialized, Scott, Silverback kapena Titan Racing, yokhala ndi magiya a Shimano Claris kapena Sora. Ndiye pali ya kaboni yakalekale, yoti mwana akhoza kuinyamula ndi dzanja limodzi, imene mwini wake akuitaya motchipa pa Facebook. Ife tikuyamikira yachiwiriyo, ndipo zifukwa zake zili m'zitsulo zakezo ndi m'misewu yathu.

Ya m'katoni ija ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukainyamula mupeza kuti ikufika makilogalamu 14 kapena kuposa, pamene ya aluminiyamu yabwinobwino imakhala pakati pa 10 ndi 11. Kulemera kokha sikungatidandaulitse. Vuto lili ku wilo la kumbuyo. Zambiri zimakhala ndi fuliwilo ya magiya 7 yochita kupotokolera pa habu, ndipo pa kapangidwe kameneka mabelingi a mbali ya tcheni amakhala mkati kwambiri, kutali ndi pamene ekiselo yagwirira felemu. Chigawo cha ekiselo chotsala panjacho chilibe chochirikiza. Mugwere m'dzenje kawiri katatu pa Seke Road, ekiselo yapindika, wilo layamba kugwedera, mabelingi aphwanyika. Malimu ake amakhala a khoma limodzi, mabuleki ndi a chitsulo chopyapyala chimene chimapindika mukafinya mwamphamvu, ndipo dzina la Shimano limene wogulitsa akukulozerani lili pa derailleur yokha, kachipangizo kosamutsa tcheni posintha giya, zina zonse n'zosadziwika kwawo. Yoyendera Lamlungu limodzi pamwezi ingapirire. Yochoka nayo ku Mufakose kapena ku Mabvuku tsiku ndi tsiku kupita kuntchito m'tauni, mudzaigula kawiri.

Ya kaboni yakale tingoidutsa. Kaboni ikamenyedwa imasweka mkati utoto uli bwinobwino, ndipo tsiku lothyoka siichenjeza. Njinga zotere zimabweranso ndi magiya a Ultegra kapena Dura-Ace amene cassette yake imodzi, mulu wa magiya a pa wilo la kumbuyo, ikhoza kudya ndalama ya matayala awiri. Komanso mu September 2023 kampani ya Shimano inalengeza kuti ma crank ena, mikono yogwira mapedulo ija, a Ultegra ndi Dura-Ace a magiya 11, monga FC-6800, FC-R8000, FC-9000 ndi FC-R9100, opangidwa usanafike mwezi wa July 2019, ayenera kuunikidwa chifukwa ena ankamatuka pamene zigawo zake ziwiri zinamatidwa. Nambalayo imalembedwa mkati mwa crank, pafupi ndi pedulo. Mukaiona, yang'anitsitsani mzere wa m'mbali ngati sunayambe kutseguka.

Tibwere ku imene tikuyamikira. Magiya a Shimano a njinga zothamanga amakwerana motere: Claris ali ndi magiya 8 kumbuyo, Sora 9, Tiagra 10, ndipo 105 ali ndi 11 kapena 12. Ambiri amathamangira nambala yaikulu, koma kwa wa thumba lochepa kuno ku Harare, 8 ndi 9 ndiwo a nzeru. Tcheni cha magiya 8 n'chokhuthala, chimapirira fumbi, ndipo n'chimodzimodzi ndi cha njinga za kumapiri za magiya 6, 7 ndi 8 zimene zadzaza mumzinda muno. Cassette ya magiya 8 kapena 9 ya njinga ya kumapiri imalowa pa habu yomweyo. Chokoma kwambiri n'chakuti derailleur ya kumbuyo ya Altus, Acera kapena Alivio ya magiya 8 kapena 9 imamvana ndi ma shifter a Claris ndi Sora, zosinthira magiya za pa mahandulo, chifukwa amakoka waya mofanana. Derailleur ikathyoka Loweruka, Lolemba mukhoza kupeza ina kwa wokonza njinga wamba osadikira katundu wochokera ku Johannesburg. Mukafika pa Tiagra 4700 mwayi umenewo watha. Tiagra 4700 simvana ngakhale ndi Tiagra 4600 inzake, ngakhale zonse ndi za magiya 10, poti kakokedwe ka waya kanasintha. Za Shimano za mtundu wa CUES nazonso musaziphatikize ndi Claris kapena Sora.

Ngati pali mwayi wosankha, tengani Claris R2000 kapena Sora R3000. Mudzazidziwa poona kuti mawaya onse abisika pansi pa tepi ya mahandulo. Zakale monga Claris 2400 ndi Sora 3500 zimatulutsa waya wa magiya pambali ngati ndevu za mlamba. Zimagwira ntchito bwinobwino, musazikane chifukwa cha ndevuzo, koma zikuuzeni kuti njingayo yakhalitsa, ndipo mtengo utsike. Zakale kwambiri, zokhala ndi kabatani kokankha ndi chala chachikulu, zimavuta kusintha giya manja ali kumunsi kwa mahandulo. Chimene sitikondwera nacho pa Claris n'chakuti magiya ake ndi otalikirana: pa cassette ya 11-32, yoyambira mano 11 kufika 32, mumadumpha mano atatu kapena anayi pakamodzi, ndipo pamtunda wautali wosatsetsereka kwenikweni mumasowa giya ya pakati. Wothamanga pa mpikisano zimamupweteka. Wopita kuntchito kapena wokazungulira ku Domboshava Loweruka m'mawa sazimva n'komwe.

Werengani mano a kutsogolo. Njinga zambiri zakale zili ndi 53 ndi 39, kumbuyo 25 kapena 23. Zimenezo zinapangidwira miyendo ya akatswiri. Giya yofewetsetsa ya 39 ndi 25 imakuyendetsani mamita 3.3 mukapalasa kamodzi, pamene 34 ndi 32 imakuyendetsani mamita 2.3 okha. Kusiyana kwa mita imodziko mudzakumva pa zitunda za ku Glen Lorne ndi ku Chishawasha, kapena pobwerera kuchokera ku Mazowe, ndipo kumbukirani kuti mzindawu uli pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yaikulu, mpweya wake sukhutitsa mapapo a munthu wongoyamba kumene. Funani 50 ndi 34 kutsogolo, 11-32 kumbuyo. Derailleur ya mwendo wautali ya Claris kapena Sora imalandira mpaka mano 34.

Saizi ndiyo yokhayo simungaikonze ndi sipanala. Mwachisawawa, wamtali masentimita 165 mpaka 172 amakwana pa felemu ya 52, wa 172 mpaka 179 pa 54, wa 179 mpaka 186 pa 56, ngakhale makampani amasiyana kayezedwe kake. Musanachoke pakhomo, imani opanda nsapato msana uli kukhoma, panani buku pakati pa miyendo molikweza bwino, wina ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambalayo muchulukitse ndi 0.883. Yankho lake ndi mtunda wochokera pakati pa bottom bracket, pamene ma crank amazungulirapo, kufika pamwamba pa chishalo. Wa miyendo ya masentimita 80 apeza 70.6. Mukafika kwa wogulitsa kwezani chishalo kufika pamenepo. Chikafika mzere wochenjeza wa pa chitsulo cha chishalo utatulukira kunja, felemu yachepa. Chishalo chikakhala chogona pa felemu penipeni, yakula. Ikakhala pakatikati, yocheperako ndiyo yabwino: stem yaitali, chitsulo chogwira mahandulo, imakonza yaing'ono, koma yaikulu imakusiyani mutatambasuka ngati chikopa choyanika, khosi ndi msana zikulira. Achimwene, musagule 58 chifukwa choti yatchipa inu muli wa 52.

Tsopano kuiunika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho pitani masana, mutenge tochi ya pa foni, kansalu, tepi yoyezera, chingwe chopyapyala cha mamita atatu ndi ma allen key a 4, 5 ndi 6. Njinga ikakhala ndi matope, pemphani madzi. Matope amabisa zambiri.

Yambani ndi felemu. Pukutani powotcherera ponse: pozungulira bottom bracket, pamene chubu cha chishalo chakumana ndi cha pamwamba, pansi pa khosi la njinga, ndi kumene wilo la kumbuyo limalowa. Mng'alu wa aluminiyamu umaoneka ngati tsitsi limodzi lakuda logona m'mphepete mwa chowotchereracho, ndipo mukapitapo ndi chikhadabo chimakodwa. Kenako pitani ndi chala pansi pa chubu chotsetsereka, kuseri kwa khosi. Mukamva kamtumbira kapena mwaona utoto wochita makwinya, njingayo inagundapo chinthu maso ndi maso. Isiyeni. Anzathu a ku Magaba ku Mbare ndi akatswiri a kuwotcherera, ndipo felemu ya chitsulo akhoza kuipatsa moyo wina, koma aluminiyamu ya 6061 ikawotcheredwa imafewa pozungulira pamotopo mpaka itaphikidwanso mu uvuni wapadera. Popanda zimenezo imang'ambikanso pambali penipeni pa chigambacho. Felemu ya aluminiyamu yowotchereredwa kawiri musaigule ngakhale pa theka la mtengo.

Chingwe chija n'choonera ngati felemu ili yowongoka. Mangani nsonga imodzi pamene wilo la kumbuyo limalowa, zungulizani kutsogolo kwa khosi, bwererani nacho mbali inayo n'kuchikoka chilimbe. Yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi chubu cha chishalo uku ndi uku. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri si kanthu. Kukafika 5, njingayo imayenda chankhanu ndipo idzadya matayala mbali imodzi. Foloko ya njinga zambiri za mtundu uwu ndi ya kaboni, ndiye iunikeni ndi tochi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kukalika kwa pamwamba pa utoto sikuopsa, koma pamene pakubonyoka mukadina ndi chala, kapena pamene ulusi wake ukuonekera, pamenepo palibe zokambirana.

Masulani bawuti ya chishalo, muchizunguze. Chitsulo cha chishalo chikakana kusuntha ndiye kuti chinamerera mu felemu, ndipo kuchizula ndi ntchito imene nthawi zina imapha felemu yomwe. Finyani buleki ya kutsogolo, gwedezani njinga kutsogolo ndi kumbuyo dzanja lina lili pa khosi: mukamva kuti gu gu, mabelingi a khosi ndi omasuka kapena atha. Gwirani crank, muikokere kunja ndi kuikankhira mkati. Siyenera kugwedera. Ikagwedera si imfa, makamaka ngati bottom bracket yake ndi ya mazinga, yochita kupotokola, chifukwa imeneyo wokonza aliyense amaisintha. Zochita kukhomera ndizo zimafuna zida zapadera ndipo zimakonda kulira.

Tcheni chimakuuzani mmene mwini wake ankasamalira njinga. Chatsopano, mapini 24 amatalika mainchesi 12 ndendende, amene ndi mamilimita 304.8, kuyambira pakati pa pini yoyamba kufika pakati pa imene yabwera mutawerenga 24. Chikafika 307 chatha, musinthe. Chikapitirira 308, chadya kale mano a cassette, ndipo tcheni chatsopano chidzangolumpha pa mano akalewo mukapalasa mwamphamvu, choncho muwerengere zonse ziwiri pa mtengo. Mano a kutsogolo akasongoka n'kupendekera mbali imodzi ngati minga ya mkandankhuku, nawonso apita.

Pa mawilo, zunguzani n'kuyang'ana mpata wa pakati pa limu ndi labala ya buleki. Kupepeluka kwa mamilimita awiri amawongola ndi masipoko. Limu lolumpha m'mwamba ndi pansi, kapena lophwatalala pamalo amodzi, linamenya dzenje ndipo silibwerera. Ikani chinthu chowongoka pakhoma la limu pamene buleki imagwira: likakumbika ngati supuni, latsala pang'ono kuphulika, ndipo limaphulika tsiku limene mwapopa kwambiri. Malimu ena ali ndi kadzenje kapena kamzere kosonyeza kutha, kakafufutika ndiye basi. Yang'ananinso timing'alu pozungulira mabowo a masipoko a wilo la kumbuyo. Pa misewu yathu mawilo a masipoko 32 kapena 28 ndiwo a nzeru. A masipoko 20 ndi okongola, koma sipoko imodzi ikaduka wilo limapindika moti silizungulira n'komwe, mubwerera njinga ili paphewa.

Kenako ikwereni. Dutsani magiya onse, kukwera ndi kutsika, pa mbale zonse ziwiri za kutsogolo. Shifter imene ikungopita yopanda kulira kuti tche, kawirikawiri ndi gilizi wakale amene wauma mkati, ndipo amasungunuka mukapoperamo mafuta otsukira. Koma ikakhala yothyoka mkati, dziwani kuti ma shifter ndiwo chinthu chodula kwambiri pa magiya onse, ndipo nthawi zambiri sakonzedwa. Imani kumbuyo kwa njinga, muone ngati derailleur yalendewera mowongoka. Ikapendekera ku masipoko, kachitsulo koigwiriza ku felemu, ka hanger, kapindika. Kanapangidwa dala kofewa kuti kazipindika m'malo mwa felemu, koma njinga iliyonse ili ndi kakekake, ndipo kupeza koyenera kuno kukhoza kukutengerani masabata. Mukagula njinga, itanitsani kena nthawi yomweyo, kakhale m'thumba la zida.

Matayala ndiwo amasankha ngati njingayi mudzaikonda kapena ayi. Onse ndi a 700c, amene limu lake ndi mamilimita 622. Samalani apa, abale a kumudzi: tayala la mainchesi 28 la njinga za kabaza zija tinazolowera ku Malawi ndi la mamilimita 635, ndipo la 27 la njinga zothamanga zakale kwambiri ndi la 630. Onse awiri salowa. Werengani manambala a pakhoma la tayala, monga 28-622. Njinga zambiri zakale zimabwera ndi matayala a mamilimita 23 m'lifupi, amene anapangidwira tala wosalala. Pa maenje a pambuyo pa mvula ya January ndi February, 23 amapanitsa chubu pa limu n'kuboola mabowo awiri oyandikana ngati njoka yaluma. Ikani a mamilimita 28. Musanalipire, onani mpata: pakhale mamilimita osachepera 4 pakati pa tayala ndi felemu, foloko ndi buleki mbali zonse. Mabuleki ogwira pa limu ambiri amalekezera pa 28, pamene njinga za mabuleki a disiki zimalandira 32 kapena kuposa, ndipo chifukwa chimenechi chokha n'chokwanira kuwonjezera ndalama pang'ono mukapeza ya disiki. Ya disiki ya waya ndi yosavuta kukonza. Mbale yake ya Shimano ikapyapyala kufika milimita 1.5 isinthidwe. Munthu wa makilogalamu 70 pa matayala a 28 apope psi 70 kutsogolo ndi 75 kumbuyo, pafupifupi bar 5. Kupopa mpaka 110 poganiza kuti muthamanga kumangokugwedezani mano. Pa minga ndi magalasi a m'mbali mwa msewu, kumene makombi ndi amushikashika amakukankhirani, Continental Gatorskin kapena Schwalbe Durano amapirira. Vittoria Zaffiro ndi Continental Ultra Sport ndi otchipa, amayenda bwino, koma amabooka msanga.

Kogula kwake. Mashopu enieni a njinga a kumpoto kwa mzinda nthawi zina amakhala ndi zimene eni ake anasiya posinthanitsa ndi zatsopano. Mtengo umakwererako, koma njinga imakhala yoti makaniko waiona, ndipo muli ndi pobwerera. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a okwera njinga ndi pamene pali zotchipa, ndi pamenenso pali akuba. Musatumize ndalama ya chikole pa EcoCash njinga musanaigwire ndi manja. Tembenuzani njinga, muwerenge nambala yake pansi pa bottom bracket. Ikakhala yopalidwa kapena yopakidwa utoto watsopano pamenepo pokha, chokanipo, poti kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu wanu. Wogulitsa amene sakudziwa saizi ya njinga yake, kapena akulephera kusintha giya, n'ngokayikitsa. Lemberanani kapepala ka dzina, nambala ya chitupa, nambala ya felemu ndi mtengo, nonse musaine. Ndipo tengani madola osang'ambika, mukudziwa mmene anthu amakanira pepala lotha kuno. Ofuna yatsopano amaitanitsa ku South Africa, monga Triban RC120 ya ku Decathlon, ya magiya 8 a microSHIFT ndi foloko ya kaboni. Ndi njinga yabwino pa mtengo wake, koma muwonjezerepo ya malayitsha, onyamula katundu kudutsa malire, ndi msonkho wa ZIMRA ku Beitbridge musanayerekeze ndi ya kuno. Muwauze amasule derailleur n'kuimangirira ku felemu, aikenso kamtengo pakati pa miyendo ya foloko, chifukwa pa ngolo ya basi katoni yanu idzagonedwa ndi matumba.

Pa madola 400 aja, njinga isadye onse. Siyani 80 kapena 100 ya chisoti, matayala, machubu awiri, zigamba, nyale ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, loko, ndi pampu yokhala ndi geji. Valavu ya njinga izi ndi yopyapyala ija ya Presta, pampu ya pa filing'i siyigwira popanda kachitsulo kolumikizira, ndipo musalole munthu akuze bowo la limu ndi chiboolero kuti mulowe valavu ya galimoto. Ma tcheni olembedwa Shimano otchipa modabwitsa ambiri ndi achinyengo, bola KMC yeniyeni. Mafuta akuda otsala mu injini musaike pa tcheni: ndi fumbi lofiira la August mpaka October amasanduka phala lopera zitsulo. Dontho limodzi la mafuta a tcheni pa pini iliyonse, n'kupukuta otsala ndi kansalu, n'zokwanira. Amene cholinga chake n'kunyamula matumba a tomato ku Mbare Musika asavutike ndi zonsezi, agule Buffalo, imene kaliyala yake imasenza makilogalamu 100. Njinga yothamanga ya mtundu uwu ikakhala ndi timabowo ta kaliyala, chikwama cha kuntchito ndiye malire ake.

Mukasintha mawaya, pakatha masabata awiri magiya adzayamba kuchedwa kukwera. Si kuwonongeka, mawaya akukhazikika. Potokolani kambiya ka pa derailleur theka la kuzungulira mobwerera kumanzere, yesani, bwerezani mpaka tcheni chikwere popanda phokoso. Mabawuti a stem pa foloko ya kaboni amangidwe mofika pa nambala yolembedwa pamenepo, kawirikawiri 5 Nm, osati mpaka mkono utope. Ndipo posintha mapedulo, ya kumanzere ili ndi mazinga obwerera: imamasuka mukapotokolera kumanja. Pakani gilizi pa mazinga, yambani kuilowetsa ndi zala, sipanala ibwere pomaliza.